Kutsika Khwekhwerere, Kukwera Mvera

M'Chigawo cha Pakati muli misewu inayi imene ikalumikizana imam'bweza munthu pamene anayambira. Woyamba ndi M1, kuchoka mu Lilongwe kudutsa Dedza mpaka pa Masasa. Wachiwiri ndi wa Khwekhwerere, wotsikira ku Golomoti. Wachitatu ndi M5, wolambalala nyanja kuloza ku Salima. Wotsiriza ndi M14, wokwera mapiri a ku Dowa kubwerera ku likulu. Yonse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 300, ndipo muli zonse zimene munthu wokonzekera maulendo ataliatali a pa njinga ayenera kuzilawa: chisanu cha kumapiri, chitsetse chofuna mtima wodekha, dzuwa la kunyanja, mphepo, ndi zitunda zodza miyendo itatopa kale.

Tinali awiri, ine ndi mnzanga amene amaphunzitsa kusekondale. Sindife akatswiri ampikisano. Timagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo njinga zathu n'zakaunjika, zamagiya, zimene tazisamalira mpaka kuzidziwa kulira kwake. Chimene chinatikopa ndi masewero amene anakhazikika ku France, opalasa mitunda italiitali popanda kulimbirana kuti woyamba ndani. Kumeneko kuli ulendo wotchuka wa Paris–Brest–Paris, wa makilomita 1,200, umene udachitika koyamba mu 1891 ndipo masiku ano umachitika kamodzi pa zaka zinayi. Munthu amapatsidwa maola 90 kuti apite ndi kubwerako, ndipo kudya, kugona ndi kumata chubu zimawerengedwa momwemo. Kuti akulole kuyamba nawo, uyenera kumaliza maulendo anayi m'chaka chomwecho: wa makilomita 200 m'maola 13 ndi theka, wa 300 m'maola 20, wa 400 m'maola 27, ndi wa 600 m'maola 40. Ukawerengetsa, malirewo akufuna makilomita pafupifupi 15 pa ola, liwiro limene wakabaza amalifika atanyamula munthu pamalo osalala. Chovuta n'kulisunga kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, n'kudzukanso mawa lake kupitiriza.

Ndiye tinagawa ulendo wathu pawiri. Tsiku loyamba tikagone ku Salima titapalasa makilomita opitirira pang'ono 200, kuti tione ngati khwerero loyamba lija tingalikwanitse m'nthawi yake. Tsiku lachiwiri tikwere kubwerera ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100, kuti thupi liphunzire kugwira ntchito lisanachire. Tinasankha mwezi wa Julaye chifukwa kulibe mvula, dzuwa la kunyanja silinafike poluma ngati mu Okutobala, ndipo mwera umakhala ukuomba kuchokera kummwera.

Ulendo wotere suyambira tsiku lonyamuka. Wathu unayamba mvula itangokata. Pakati pa sabata tinkadzuka kusanache n'kupalasa ola limodzi kapena awiri tisanapite ku ntchito. Loweruka tinkatenga msewu wa ku Mchinji kuloza ku Namitete, umene uli wosalala ndipo umalola munthu kukhala pa chishalo nthawi yaitali osapumira m'mwamba. Tikafuna zitunda tinkakhotera pa Kamphata kulowera ku Nkhoma. Lamulo lathu linali limodzi: mbali yaikulu ya kupalasa ikhale pa liwiro loti munthu angathe kucheza ndi mnzake osadula mawu. Achinyamata ambiri amene amatipitirira pamsewu amaona ngati kumeneko n'kutaya nthawi, koma n'kumene kumamanga thupi la ulendo wautali. Mtima umazolowera kupopa magazi ochuluka pa kugunda kumodzi, timitsempha ting'onoting'ono ta m'minofu timachulukana, ndipo thupi limaphunzira kugwiritsa ntchito mafuta ake n'kusunga shuga kuti adzathandize pa chitunda. Mtunda tinkaonjezera pang'ono sabata iliyonse, osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo sabata yachinayi iliyonse tinkachepetsa dala, pakuti mphamvu imalowa m'thupi pa nthawi yopuma. Akulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Miyendo ndiyo imafulumira kukhwima. Zochedwa ndi khosi, zikhatho, msana ndi pokhalira, ndipo zimenezi ndizo zimatsitsa anthu ambiri pa njinga ulendo usanathe.

Tinanyamuka 4 koloko m'mawa, atambala akulira kachiwiri. Kutsogolo tinamanga matochi, kumbuyo nyali zofiira, ndipo pamwamba pa majuzi tinavala zonyezimira. Titadutsa pokhotera ku Bunda, mzinda unatsala kumbuyo, koma msewu sunali wopanda anthu. Mumdima momwemo munkatuluka njinga zolowera m'tauni, zina zosenza nkhuni, zina madengu a tomato, zina mitolo ya mpiru, zambiri zopanda nyali, ungomva kulira kwa tcheni ndi moni wachidule. Mnzangayo ndi wamphamvu pa zitunda, ndipo titayandikira pa Nathenje miyendo yake inayamba kufulumira yokha.

"Achimwene, bwezani pang'ono," ndinatero. "Salima ali kutali."

"Zoona," anayankha, n'kutsitsa giya. "M'mawa thupi limanama."

M'maola oyamba thupi limakhala lopepuka, kamphepo kozizira kamakukankha, ndipo umafuna kuthamanga kuti ufunde. Koma mphamvu imene waimwaza pa Nathenje umakaifuna pa Chipoka osaipeza. Tinasunga magiya opepuka, mapedulo akuzungulira maulendo 80 kapena 90 pa mphindi, kuti ntchito igwere mtima ndi mapapo, amene amapirira tsiku lonse, m'malo mogwera mawondo.

Kum'mawa kutayamba kufiira, phiri la Nkhoma linaonekera kudzanja lamanzere. Tinaoloka Diamphwe n'kulowa m'boma la Dedza zala zitauma ndi chisanu. Pa Chimbiya tinaima kwa mayi wina amene anali atangotereka ketulo pamoto.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka, kaya inu ana anga? Ulendo wa kuti ndi chisanu chimenechi?"

"Wa ku Salima, kudzera ku Golomoti."

Anayang'ana njinga zathu, kenako ife. "Ndiye musangomwa tiyi yekha. Tengani ndi mbatata."

Tinadya mbatata yophika ndi zitumbuwa, ndipo nthochi tinalonga m'matumba a kumsana. Njala inali isanatigwire, koma pa ulendo wautali munthu sadikira njala. Thupi limasunga shuga wokwana pafupifupi theka la kilogalamu m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo ukamapalasa mwamphamvu ameneyu satha maola awiri. Akatha, miyendo imangoti zii, maso amachita mdima, ndipo ngakhale kamtunda kakang'ono kamasanduka phiri. Pofuna kupewa zimenezi timayesetsa kudya magalamu pafupifupi 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25, ndiye nthochi ziwiri ndi kachidutswa ka chigumu zimakwanira. Thupi lili ngati mbaula yophikira nyemba: ukaisiya mpaka moto uzime, kukolezanso kumakudyera nthawi, koma ukamaponyamo khala limodzilimodzi, nyemba zimapsa bwinobwino. Mimba nayo imafuna kuphunzitsidwa. Miyezi yonse ija tinkadya tili pa chishalo, kuti tsiku la ulendo isadzadabwe.

Kuchokera pa Linthipe msewu umakwera mosalekeza. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe tauni ya Dedza ili pafupi ndi mamita 1,600, m'tsinde mwa phiri lotalika mamita 2,198. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, n'chifukwa chake dzuwa linkakwera koma majuzi sitinavule. Mapiri amiyala amene amazinga msewu kuno ndi a dera la Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo a Achewa, zina zokhudza chinamwali ndi nyau. Bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Pa galimoto mapiri amenewa amangodutsa pa windo. Pa njinga umayenda nawo ola lathunthu, ukuona mwala uliwonse ukusintha maonekedwe, ukumva fungo la mitengo ya paini ndi utsi wa m'makhitchini.

Pa Dedza sitinakhalitse. Tinadzaza mabotolo, tinagula tchipisi cha mbatata ya kachewere pa chiwaya, n'kudya chiimire. Pa maulendo a malire a nthawi, wotchi siima iwe ukaima. Munthu wopalasa modekha amene amaima mwachidule amafika msanga kuposa wothamanga amene amakhala theka la ola pa msika uliwonse. Nako kuima timakuyeserera: wina akugula chakudya, wina akutunga madzi, ndipo zonse zikatheka timakwera miyendo isanazizire.

Kupitirira Dedza, cha ku Bembeke, msewu umayenda moyandikana ndi malire a Mozambique. Kutsidyako ndi ku Angonia, kumene anthu amayankhula chinenero chathu chomwechi, ndipo minda ya kabichi ndi kachewere imafanana mbali zonse ziwiri. Pa Masasa tinakhotera kumanzere. Tisanayambe kutsika tinaima kuyesa mabuleki, kugwedeza mawilo kuti tione ngati amangika, ndi kumangitsa zisoti.

Khwekhwerere ndi khoma la chigwa chachikulu chimene chinang'amba kum'mawa kwa Africa, chigwa chomwe m'kati mwake mwagona Nyanja ya Malawi. Msewu umatsika mamita pafupifupi 1,000, ukukhotakhota m'mbali mwa phiri. Pa khona ina dziko limangotseguka: pansi pali chidikha chotambalala, midzi ikuoneka timadonthomadontho, ndipo patali nyanja ikung'anima mwachizimezime. Pamenepo mtima umafuna kuyang'ana, koma maso ayenera kukhala pa phula. Amene akufuna kuona, aime ayang'ane. Tinatero, kenako tinapitiriza.

Kutsika kuli ndi luso lake, ndipo si nthawi yopumula monga ambiri amaganizira. Ukagwira mabuleki osataya, malimu amatentha mpaka chubu kuphulika, kapena mabulekiwo amafooka pamene ukuwafunitsitsa. Timagwira mwamphamvu kwa kanthawi, n'kutaya kuti azizire, n'kugwiranso. Liwiro timachepetsa tisanalowe m'khona, osati tili m'kati mwake. Pedulo ya kunja kwa khona imakhala pansi, thupi likuitsamira, maso akuyang'ana kumene msewu ukutulukira. Ndiponso msewuwu si wa ife tokha. Pali mbuzi, pali ana ochokera kumunda, pali mchenga wokokoloka umene umabisala pa khona, ndi malole amene fungo la mabuleki awo limafika iwo asanaoneke. Tinasiyana mpata waukulu kuti wina akagwa, mnzake asamugwere. Makutu ankatseka ndi kutseguka, mpweya unkafunda pa khona iliyonse, ndipo pamene tinkaona mlambe woyamba, majuzi anali atasanduka katundu.

Pa Golomoti tinafika dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Dzuwa la kuno si lamasewera, ndipo n'chifukwa chake anamangako malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, amene adayamba kugwira ntchito mu 2022. Ngakhale mu Julaye, munthu wochokera ku Dedza amamva kuti walowa dziko lina. Tinadya mpunga wa nyemba, mbale yapakatikati, chifukwa chakudya chambiri chimaitanira magazi kumimba n'kuisiya miyendo ilibe mwini. Kuchokera pano nkhani inali ya madzi. Kukatentha, munthu wopalasa amatha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, ndipo thukutalo limatuluka ndi mchere, umene umaoneka woyera pa malamba a chisoti. Madzi okhaokha sabweza mcherewo. M'botolo limodzi timasungunula shuga ndi kamchere kotsina ndi zala, lina timasiya la madzi okha, ndipo timamwa pang'onopang'ono ludzu lisanabwere. Mabotolo akapepuka timayang'ana mjigo. Pa mjigo wina amayi anali pa mzere ndi zidebe zawo.

"Zikomo amayi, tingatungeko?"

"Tungani, alendo sakhala pa mzere," anatero mmodzi, ndipo mtsikana wina anagwira mjigo kutipopera.

Tinalowa M5 kuloza kumpoto, njanji ikutiperekeza cha pambali. Pa Mua tinapatukira pang'ono kukwera ku mishoni imene ansembe a White Fathers adaitsegula mu 1902. Pamenepa ndi pamene Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare imasunga mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, pamodzi ndi zigoba zambirimbiri za gule wamkulu. Malo amenewa amafuna tsiku lathunthu, ndipo amene sali pa wotchi asawadutse. Ife tinangokhala pamthunzi kwa mphindi zochepa, tinatambasula misana, n'kubwerera ku msewu.

Apa mwera unatipeza. Unkaomba kumsana, ndipo njinga zinapepuka ngati wina wachotsa katundu pa keliyala. Mdani wamkulu wa wopalasa pamalo osalala ndi mpweya: ukawirikiza liwiro kawiri, mpweya umakukaniza kanayi. N'chifukwa chake anthu awiri amapita kutali kuposa mmodzi. Wakumbuyo akayandikira wilo la mnzake amapulumutsa mphamvu yofika gawo limodzi mwa magawo atatu. Tinkasinthana, wina atsogole mphindi zingapo, akatopa apatuke n'kubwerera kumbuyo. Zimenezi zimafuna kukhulupirirana. Wakutsogolo ndiye maso a onse awiri: akaona dzenje amaloza ndi dzanja, akafuna kuima amanena, ndipo sagwira mabuleki modzidzimutsa. Tinadutsa Mtakataka, dera la Inkosi Kachindamoto, minda ya thonje ndi milambe ikutsalira m'mbuyo.

Cha ku Ngodzi tayala langa lakumbuyo linaphwa. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndiye aliyense wa ife amayenda ndi machubu awiri, zigamba, guluu, mpope ndi masipanala. Koma pafupi pomwepo, pansi pa mtengo wa mango, panali bambo wina wachikulire wokonza njinga, beseni la madzi lili pambali, malimu akale atapachikidwa pa nthambi.

"Bweretsani kuno, mwana wanga," anaitana.

Anavula tayala ndi manja okha. Asanaike chubu chatsopano anayendetsa chala m'kati mwa tayala mozungulira, modekha, mpaka anaima. Anatulutsa kaminga kakang'ono n'kundiika pachikhatho.

"Mukasiya aka, mumatanso musanafike pa Chipoka. Kuno minga ndi yambiri. Musamatsike phula mwachisawawa."

Anagwedeza masipoko amodziamodzi, anamangitsa awiri amene anali atakhwefuka pa Khwekhwerere, ndipo anadontheza mafuta pa tcheni. Amisiri oterewa ali pa msika uliwonse wa dziko lino, ndipo ndiwo amachititsa kuti munthu ayende mtunda wautali pa njinga m'Malawi mopanda mantha.

Maola otsatira ndiwo anali olemera. Pakati pa makilomita 150 ndi 200, chimene chimatopa kwambiri ndi mutu. Zikhatho zimachita dzanzi, khosi limauma, chishalo chimayamba kuotcha, ndipo macheza amatha. Maganizo amayamba kuwerenga mtunda wotsala, ndipo ukawalola amakufooketsa thupi lisanafooke. Njira yake ndi kuuduladula ulendo. Sitinkapitanso ku Salima. Tinkapita pa mlatho wotsatira, pa sukulu yotsatira, pa msika wotsatira. Mphindi zingapo zilizonse tinkaimirira pa mapedulo kuti magazi ayende, n'kusintha pogwira pa mahandulo. Pa Chipoka msewu unafika pafupi ndi nyanja. Tinaona doko, mabwato ali pamchenga, usipa uli pa matandala, ndipo mwera unali utautsa mafunde oyera mpaka kutali. Tinasambitsa nkhope, tinamwa thobwa lozizira, ndipo miyendo inabwerera. Tinalowa pa Kamuzu Road ku Salima dzuwa lili pafupi kulowa, maola 13 ndi theka aja asanakwane.

Madzulo a tsiku lotere ndi mbali ya maphunziro. Tisanasambe tinadya nthochi ndi kumwa mkaka, pakuti m'maola oyamba munthu atatsika pa njinga minofu imalandira chakudya mofulumira. Kenako tinachapa makabudula opalasira, chifukwa kabudula wa thukuta la dzulo ndiye amabala zilonda za pa chishalo. Tinapukuta matcheni, tinayang'ana matayala, ndipo pamapeto pake tinakhala pansi kudya nsima ya chambo ndi chisoso. Tinagona 8 koloko isanakwane.

M'mawa mwake masitepe a pakhomo okha anatiuza mmene miyendo inalili. Koma tinkadziwa kuti kuuma kumeneku kumasungunuka munthu akapalasa mofatsa theka la ola, ndipo zinaterodi. Tinadutsa pa Kaphatenga, pamene msewu wa ku Nkhotakota umapatukira, chidikha chikadali chosalala. Kutsogolo mapiri a ku Dowa anali ataima chopingasa. Zonse zimene Khwekhwerere anatipatsa dzulo lake, msewu uwu unali kudzazilanda. Salima ali pa mamita pafupifupi 500, ndipo M14 sakwera kamodzi n'kutha: umakwera, n'kutsikira ku mtsinje, n'kukweranso kuposa poyamba, mobwerezabwereza.

Pa zitunda zimenezi tinaika giya yopepukitsitsa, tinakhala pa chishalo osaimirira, ndipo aliyense anakwera pa liwiro lake, podikirana pamwamba. Pa chitunda chachitali munthu satsatira mnzake, chifukwa mpweya wa mnzako si wako. Dzuwa linali kumsana, mphepo kunalibe, ndipo thukuta linkadontha pa felemu.

Tisanafike pa Mvera tinapeza bambo wina akukankha njinga yosenza madengu awiri akuluakulu a usipa wouma. Njinga yake inali ya giya imodzi, keliyala yowotcherera ndi zitsulo zoonjezera. Tinatsika n'kuyenda naye.

"Wawa, bambo. Katundu ameneyu wa kuti?"

"Wa ku Chezi, achimwene. Ndikapanda kumaliza, mawa ndipitirira."

Anatiuza kuti amapita kunyanja kukapikula nsomba, n'kubwerera tsiku lotsatira. Ankadziwa chitunda chilichonse, mjigo uliwonse, ndi mtengo uliwonse wa mthunzi wabwino. Ndinamufunsa chifukwa chake anatsika pamunsi penipeni, pomwe chitunda chinali chisanalimbe.

"Ndikalimbana nacho ichi, zinazo andikwerere ndani?" anayankha. "Ndimatsika miyendo ikadali ndi mphamvu. Ndikafika pamwamba ndimadya kachinangwa, ndiye ndakwera."

M'mawu ochepawo munali zonse zimene ife tinaziphunzira m'miyezi yokonzekera: kusunga mphamvu, kudya njala isanafike, kuudziwa msewu. Iye adaziphunzira chifukwa ana ake amadya kuchokera pa keliyala imeneyo. Ife timapalasa mwa kufuna kwathu, ndipo tikatopa tingathe kukweza njinga pa minibasi. Iye alibe mwayi umenewo. Ndinamukankhirako njingayo mpaka pamwamba, ndipo kulemera kwake ndinakumva m'mapewa ndi m'chiuno. Tinagawana nthochi, anatidalitsa, n'kutsalira pamthunzi wake wa masiku onse.

Mvera ndi malo a mbiri. Pano ndi pamene amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, adamanga mishoni yawo yoyamba mu 1889, m'dziko la Mfumu Chiwere, Nkhoma isanatsegulidwe mu 1896. Munthu akakwera mapiri amenewa ndi miyendo yake amamvetsa chifukwa chake anthu akale, eni dziko ndi alendo omwe, ankakonda kumtunda kuno: mpweya ndi wopepuka, udzudzu ndi wochepa, ndipo ukacheuka umaona chidikha chonse mpaka kunyanja. Pa Chezi tinaima pakati pa milu ya tomato, anyezi ndi nzimbe, tinadya chimanga chootcha, ndipo tinadzaza mabotolo komaliza. Zitunda zinali zisanathe, koma zinayamba kufupika, ndipo chigwa cha Lilongwe chinayamba kuonekera.

Mbali yoopsa ya ulendo wonse sinali Khwekhwerere. Inali makilomita otsiriza, pamene M14 amakumana ndi M1 pa Kanengo. Msewu umenewu ndi womwe amalowera mu Lilongwe opalasa a Tour d'Afrique, ulendo umene udayamba mu 2003 kuchokera ku Cairo kukafika ku Cape Town, asanapitirire ku Zambia. Koma eni ake enieni ndi akabaza, ogulitsa makala, ana a sukulu ndi antchito a m'mafakitale, amene tsiku lililonse amapanikizana ndi malole ndi maminibasi. Galimoto zina zinkatidutsa pafupi moti mphepo yake inkagwedeza mahandulo, ndipo ena ankaimba hutala kuti titsike phula, ngati kuti wa pa njinga alibe gawo pa msewu. Munthu wotopa sachedwa kuphonya, ndiye pano tinachepetsa liwiro, tinayatsa nyali ngakhale kunali masana, ndipo tinayenda mondondozana mpaka kunyumba.

Ulendowu unatiuza pamene tili. Makilomita 200 tikuwatha m'nthawi yake, ndipo thupi likutha kudzuka n'kukweranso mapiri. Chotsala ndi usiku, pakuti kuyambira pa makilomita 300 kupita m'tsogolo munthu sangapewe kupalasa mumdima, ndipo tulo ndi chisanu cha mbandakucha zimafuna kuzizolowera mwapadera. Imeneyo ndiyo ntchito ya miyezi ikubwerayi, ndipo tiichita monga tinachitira yoyambayi, mosathamanga.

Kwa inu amene mumayendetsa galimoto, mukapeza wa pa njinga chepetsani liwiro, dikirani mpata, ndipo mudutseni motalikira mita imodzi ndi theka. Kwa a maudindo okonza misewu, m'mbali mwa phula mukhale malo okwanira njinga, chifukwa anthu oyenda pa njinga m'dziko muno ndi ochuluka ndipo ambiri asenza chakudya cha m'mizinda. Ndipo inu amene mwakhala mukulakalaka ulendo wotere, musadikire njinga yodula. Konzani mabuleki a imene muli nayo, kwezani chishalo mpaka bondo lizitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikakhala pansi, gulani chisoti ndi nyali, ndipo pezani mnzanu mmodzi wokhulupirika. Loweruka likudzali palasani makilomita 30 pa liwiro loti muzicheza, mutanyamula madzi ndi nthochi. Sabata yotsatira mudzaonjezere atatu.